Marozi mu Balani ya Fodya

Manja angawa adula marozi zaka zambiri kuposa zimene ndinakhala pa banja. Koma rozi kuliona likumasula m'nyumba ya munthu, ndinadzaliona mutu uli mbuu ndi imvi, ndiponso chifukwa choti ndinalakwitsa.

Ndinabadwira mu komboni, pa pulazi ina mbali ya ku Chinhoyi. Bambo anga anabwera wapansi kuchokera ku Malawi kudzagwira ntchito ya fodya, ndipo kumudziko ine ndimangokudziwira m'kamwa mwa amayi. Nditakula, mzungu wa pulaziyo anamanga nyumba zazitali za pulasitiki, magirinihausi, nadzalamo marozi otumiza kunja. Akazi a mu komboni tonse tinalowa mmenemo. Lamulo linali limodzi, ndipo foromani ankalibwereza m'mawa uliwonse ngati pemphero: dula duwa likadali lofumbata. Lofumbata ngati nkhonya ya khanda, mtundu wake ukungosuzumira kunsonga. Ankati ili likukwera ndege, likamasulira ku Holande. Likayasama lili pa mtengo latha ntchito, ndi la kudzenje. Mkazi amene mzere wake wapezeka ndi maluwa oyasama ankadzudzulidwa pamaso pa anzake. Ndiye ife rozi loyasama tinkaliona monga mmene inu mumaonera nthochi yoola.

Za mankhwala sindinena zambiri. Ankapopera, ife n'kulowa masamba akadali onyowa. Zala zinkasupuka, chifuwa osatha. M'nyumba zodzaza maluwa chonchija munalibe njuchi ndi imodzi yomwe, ndipo palibe anafunsapo chifukwa chake.

Pulazi itagawidwa kwa anthu, mzungu n'kuchoka, pulasitiki uja anang'ambika ndi mphepo, marozi n'kuyamba kuuma. Ine ndi mnzanga wina, Mchawa wa Chisilamu amene tinkaima benchi imodzi mu shedi yosankhira maluwa, tinakumba zitsa zingapo n'kukazidzala kuseri kwa komboni, pambali pa chitsime. Mukandifunsa chifukwa, ndilibe. Zinangotimvetsa chisoni. Tinazithirira zaka ndi zaka, zina tinkadula n'kubzala nthambi, mpaka kamunda kanakula. Maluwa ake ankangothera kumanda ndi kutchalitchi, odulidwa ofumbata monga tinaphunzirira.

Kenaka mdzukulu wanga wamkazi anabwera kuchokera ku sukulu yaikulu ya ku Chinhoyi. Ndimamutcha mkazi mnzanga, chifukwa malemu agogo ake aamuna ankamutcha mkazi wawo wamng'ono. Anaima pakati pa kamundako, njuchi zikumuzungulira, n'kunena kuti, "Gogo, mukudziwa kuti mwakhalira bizinesi?"

"Ndakhalira mpando, mkazi mnzanga. Bizinesi ili kuti?"

Anandionetsa pa foni yake maluwa a anthu a mu tauni, omangidwa m'pulasitiki wonyezimira, obayidwa m'siponji yobiriwira imene akuti siiola ngakhale uikwirire. Iye anati ife tichita zosiyana, ndipo anthu adzabwera chifukwa cha kusiyanako. Mankhwala a m'sitolo ayi. Pulasitiki ayi. Siponji ija ayi. Ndinaseka, chifukwa zonse zimene ankaletsazo ife tinali tisanakhalepo nazo kuyambira tsiku limene mzungu anapita. Ndinati mwanayu wapita kusukulu kukaphunzira umphawi wa agogo ake.

Komatu tinayamba, ndipo mtima wanga unabwerera ku utsikana. Nsabwe za m'masamba timazithira madzi a tsabola, adyo ndi phulusa. Chakudya cha marozi ndi manyowa a mbuzi ndi zinyalala zoolera m'dzenje. Maluwa timakulunga m'masamba a nthochi n'kumanga ndi khonje. M'malo mwa siponji timaluka timitengo ta mabulosi pakamwa pa botolo, duwa lililonse n'kupeza kabowo kake. Mabotolo ake ndi a dovi, chiponde chija, amene ana a mu komboni onse akudziwa kuti satayidwa. Madzi otsala m'ndowa amabwerera ku mizu. Mdzukulu amajambula, amalankhula ndi anthu pa foni, amakwera kombi, minibasi ija, ndi dengu pamiyendo. Kumanga ndi kupereka maluwa inali ntchito yake, ndipo odula ankasankha yekha. Ine yanga inali khasu, manyowa ndi kuthirira.

Amene sizinkamusangalatsa ndi mwana wanga wamwamuna, bambo ake a mtsikanayo. Iye ndi mlimi wa fodya, ali ndi balani yake ya njerwa yowotchera masamba. Munda wake uli kutali ndi madzi, ndipo diso lake linali pa kamunda kathu ka pachitsime.

"Amayi, dothi labwino chonchi mukulidyetsa zinthu zonunkhiza? Duwa munalidyapo?"

"Fodya wakoyo unamudyapo?"

Tinakokanakokana mpaka tsiku limene mdzukulu anabwera akuthamanga, mpango uli m'manja. Anatipezera ukwati wofuna maluwa. Osati nkhata ya maliro, osati kabotolo ka pa ofesi, koma ukwati wathunthu mu holo ku Chinhoyi, matebulo onse, khomo, ndi maluwa a m'manja mwa mkwatibwi. Mkwatibwiyo anakana maluwa a ku Harare, anati akufuna a pamunda opanda mankhwala, marozi odzaza, omasula, onunkhira. Ndinavina pabwalo mpaka nkhuku zinathawa.

Mwana wanga anadikira kuti ndikhale pansi. Kenaka anati, "Chabwino. Ukwatiwu ndiwo uweruze. Ukayenda bwino, pachitsime ndi panu, sindidzatsegulanso pakamwa. Ukavuta, ndikulowetsa pulawo mvula isanagwe."

Mdzukulu anandiyang'ana. Ine ndinavomera msanga, osaganiza n'komwe. Kodi pa nkhani ya marozi ndani akanandiphunzitsa ine?

Unali mwezi umene mitengo ya misasa imatulutsa masamba ofiira, mapiri onse ngati apakidwa. Ukwati unali Loweruka. Lachisanu m'mamawa mdzukulu anayenera kupita ku Chinhoyi kukasiya mabotolo ndi kukaona holo. Akukwera ngolo yopita kumsewu anati, "Gogo, lero kudula ndi kwanu. Dulani onse amene ali bwino, muike m'madzi pamthunzi. Ndifika masana."

Onse amene ali bwino. Mawu ake anali omwewo, ndipo ine ndinawamva bwinobwino.

Ndinaitana mnzanga Mchawa uja ndi akazi ena awiri a mu shedi yakale. Anabwera ndi masizasi awo akale, okulungidwa m'nsalu ngati zinthu za kutchalitchi. Inu, mukanationa. Misana yopindika inawongoka. Tinalowa m'mizere mame akadalipo, wina anayambitsa nyimbo imene tinkanyozera foromani iye osamva, tonse n'kulandira. Sizasi inkangoti khe, khe, khe. Mnzanga anati, "Achemwali, dzanja silikalamba." Ndinati, "Fulumirani, lole ya ku eyapoti yaima panja." Tinaseka mpaka misozi. Duwa lofumbata, m'ndowa. Duwa loyasama, mu wilibala. Palibe anauza mnzake, palibe anafunsa. Manja a ife akazi anayi ankangodziwa okha. Ndipo oyasama anali ambiri zedi, chifukwa mdzukulu anali atawasiya dala sabata yonse kuti afike pa Loweruka ali okhuta. Ine poona kuchuluka kwake ndinapukusa mutu, ndinati mwanayu ndi wanzeru koma munda wauchedwetsa.

Wilibala yoyamba tinakakhuthula m'dzenje la manyowa n'kukwirira ndi ndowe, monga mwa lamulo la mwini bizinesi loti chilichonse chibwerere m'nthaka. Yachiwiri ndi yachitatu tinapatsa mbuzi. Zinadya mosangalala, milomo ili psuu.

Masana mdzukulu anafika. Tinali titakhala pansi pa mtengo wa mango, ndowa zitafola mzere, mitengo yonse yofanana msinkhu, mitu yonse yothina ngati zipolopolo. Giredi yoyamba yeniyeni. Mzungu akanaona akanatipatsa tsiku lopuma. Ndinakhala mwakachetechete kudikira kuyamikidwa.

Anayang'ana m'ndowa. Anayang'ana kumunda, kumene kunali kobiriwira kokhakokha. Anayang'ananso m'ndowa.

"Gogo, omasula aja ali kuti?"

"Oonongeka aja? Tachotsa, usadandaule."

"Mwachotsa mwaika kuti?"

Mbuzi ina inasankha nthawi yomweyo kudutsa, kanthambi ka rozi kakulendewera pakamwa.

Mtsikana anakhala pansi pa dothi, ndi diresi yake ya ku tauni. Sanakuwe. Anangoti, "Gogo, ukwati ndi mawa. Ku Chinhoyi. Kombi imafika tiyi asanazizire. Awa akwera ndege yanji?"

Zaka zonsezo ndinkadulira anthu amene ali kutsidya kwa nyanja, ndipo dzanja langa linali lisanamve kuti ndege inasiya kubwera. Mnzanga Mchawa anavundikira nkhope ndi mpango. Mmodzi wa akazi aja anati, "Koma ndi odulidwa bwino."

Mwana wanga anatulukira ku balani, anamva nkhani yonse, anaseka mpaka anagwira mtengo. Kenaka anapita kukatenga mafuta n'kuyamba kudzoza pulawo, pamalo poti tonse timuone. Ankaimba kaluzu.

Mdzukulu anati mwina aimbire anthu a ku Harare atumize maluwa awo pa basi. Ananena yekha, n'kudzikaniza yekha. Mkwatibwi anali atawakana amenewo, ndipo kumupatsa mobisa kukanakhala kumunamiza pa tsiku lake. "Bola ndikamuuze zoona," anatero. Apo ndinamva kuwawa kwenikweni, chifukwa ndinaona kuti si kamunda kokha kamene ndapatsa mbuzi.

Amene anatipulumutsa ndi mnzanga uja. Anachotsa mpango kumaso pang'onopang'ono n'kunena kuti, "Achemwali, mukukumbukira tsiku limene chipinda chozizira chinafa?"

Ndinakumbukira. Chinali chaka china chotentha, makina oziziritsa mu shedi anaima, ndipo palibe anadziwa mpaka tsiku lotsatira. Chipinda chotseka, pansi ponyowa, kutentha ngati m'kamwa mwa ng'ombe. Titatsegula chitseko, marozi onse a ndege anali atayasama, ndowa ndi ndowa. Mzungu anavula chipewa n'kuchiponda. Tinatha tsiku lonse tikututira kudzenje.

"Tsoka lija," anatero mnzanga, "ndi limene tikulifuna lero."

Ndinadzuka ngati ndalumidwa ndi linthumbu. Tikufuna chipinda chotseka, chofunda, chonyowa. Mu komboni yonse chipinda chotero chinali chimodzi, ndipo mwini wake anali uyo akudzoza pulawo.

Ndinapita. "Iwe, ndibwereke balani."

"Balani? Fodya tinatha kuwotcha kalekale, Amayi."

"Ndikufuna kuikamo marozi. Tikoleze pang'ono, amasule."

Anandiyang'ana ngati ndayamba misala. "Ndiye ndikuthandizeni kundilanda munda?"

"Sindinati undithandize. Ndati ndibwereke. Moto ndikoleza ndekha, ng'anjo si yachilendo. Ndiunjika nkhuni mpaka mapaipi afiire."

Ndinanena dala. Mwana ameneyu ndinamubereka ndine, ndikudziwa pamene pamamuyabwa. Ukhoza kumunyoza nkhope, ukhoza kumunyoza malaya, koma osati kusewera ndi balani yake. Anaponya pansi nsanza ya mafuta.

"Mapaipi afiire? Mukufuna kuphika ndiwo? Tsamba lanthete limafuna moto wa tsiku loyamba, wongofunditsa, woti munthu ukhale mkatimo osatuluka thukuta lambiri. Mukapitirira pang'ono basi, mitu yonse igwa."

"Ndiye ukuti iweyo ungathe?"

"Ine ndimasandutsa tsamba lobiriwira kukhala golide, Amayi. Duwa ndi chiyani?"

Anali atayamba kale kuyenda.

Mdzukulu anangoletsa chinthu chimodzi. "Baba, nkhuni za misasa ayi. Sitingawotche mtengo chifukwa cha duwa." Bambo ake anati wamva zodabwitsa zambiri lero, koma anakatuta zitsononkho za chimanga ndi nthambi zouma za marozi zimene tinadulira m'chisanu. Utsi wa balani umayenda m'mapaipi n'kutulukira kunja, sufika pa masamba, ndiye maluwa sakananunkha moto.

Ntchito inagundika. Ife akazi tinadulanso mitengo yonse kumunsi mopendeketsa, tinasintha madzi kuika ofunda, ndi kashuga pang'ono. Mwana wanga anayala masaka onyowa pansi, anapachika kagalasi kake koyezera kutentha, koma sankakayang'ana n'komwe. Ankalowetsa mutu pachitseko, kutseka maso, n'kumva ndi khosi. "Chotsaniko zitsononkho ziwiri." Kenaka, "Thirani madzi pa saka ilo." Mnzanga Mchawa anati, "Bambo, mukanakhala foromani wathu bwenzi tikadali pa ntchito." Iye anati, "Amayi, musandisokoneze, ndikumvetsera."

Poti sitinkadziwa kuti amasula angati, mdzukulu anatitenga kupita m'mphepete mwa phiri. Tinathyola masamba ofiira a misasa, nthambi imodzi pa mtengo, osapitirira, iye akutilondera ngati wapolisi. Tinadula udzu wa ngayaye zofiirira, ndi nthambi za mandimu za kuseri kwa nyumba yanga. Dzuwa likulowa ndinasuzumira mu balani. Nkhonya zija zinali zitayamba kulekerera, ngati khanda likagona. Ndinatuluka ndikudumpha, ine wa mawondo awa.

Mwana wanga anati moto auyang'anira yekha, ife tikagone.

M'mawa tonse tinali pa chitseko cha balani, ndi anthu ena a mu komboni amene nkhani inawapeza. Iye anatuluka kumbali ya ng'anjo, maso ofiira, phulusa m'tsitsi. Anatsegula.

Fungo ndi limene linayamba kutuluka. Balani imene moyo wake wonse inanunkha fodya inatiphulitsira fungo la marozi lofunda, mpaka mayi wina anabwerera m'mbuyo. Kenaka tinaona. Ofiira, oyera, achikasu, otambasuka ngati mbale. Amene anali pafupi ndi mapaipi ena anagwetsa mitu, ndipo ndowa za kukhomo zinali zikadali zofumbata. Koma ambiri, ambiri ndithu, anali atamasula. Ndinaima pamenepo, ndipo ndikuuzeni zoona, chinthu choyamba chimene chinabwera m'mutu mwanga chinali choti foromani atipha. Kenaka ndinakumbukira kuti foromani anagona kumanda kalekale, ndipo ndinaluluta.

Mwana wanga anangoti, "Ndinanena kuti ndowa izo muzisunthire pakati."

Tinamanga mothamanga. Omasula kwambiri anapita m'manja mwa mkwatibwi, atazunguliridwa ndi masamba a misasa. Ena m'mabotolo a dovi. Ofumbata aja mdzukulu anakana kuwasiya. Anawakulunga limodzilimodzi m'kachidutswa ka tsamba la nthochi, anati mlendo aliyense atenge lake popita kunyumba. Tinadzaza kombi yonse, ine kutsogolo ndi ndowa pakati pa miyendo, kondakitala akudandaula kuti madzi amunyowetsa nsapato.

Ku holo ndinaima kumbuyo, pafupi ndi khomo la kukhitchini. Mkwatibwi atalandira maluwa ake anaviika nkhope yonse mmenemo, osaopa kuti zodzola zichoka. Anakhala choncho kanthawi. Atadzutsa mutu anafunsa mdzukulu kuti, "Amene analima awa ali kuti?" Anandikokera kutsogolo ndi zovala zanga zonyowa. Amayi ake a mkwatibwi anandigwira manja onse awiri, n'kunena m'Chishona kuti marozi onunkhira chonchi anawamva komaliza ali mtsikana. Za mbuzi sitinawauze.

Ofumbata anatsalako ambiri, tinabwera nawo ku komboni, ndipo mdzukulu anagawira khomo ndi khomo. Ine ndinaika langa m'botolo pa zenera. Lamulungu linali chimodzimodzi. Lolemba linalekerera pang'ono. Lachiwiri ndinasiya kusesa, ndinakoka mpando n'kukhala. Ndinaliona tsamba ndi tsamba likubwerera m'mbuyo, mpaka pakati pake panaoneka timitu tachikasu, njuchi n'kulowa pa zenera kudzatera pomwepo. Ndiye izi ndi zimene ankaona anthu a ku Holande. Zaka zonse zija tinkawatumizira chinthu chimene ife eni ake sitinachidikirepo.

Nditatuluka ndinapeza mnzanga Mchawa atakhala pakhomo pake, botolo lili patsogolo, nayenso akungoyang'ana. Sitinapatsane moni. Ndinangokhala pambali pake.

Pulawo inalowa m'munda mvula isanagwe, koma m'munda wake wakale, kutali uko. Madzi a mbande zake amatunga pachitsime ndi ngolo, ndipo m'mawa uliwonse podutsa pa marozi amadandaula mokweza kuti ndimve. Lonjezo loti sadzatsegulanso pakamwa analiiwala, koma la munda anasunga. Mlendo akabwera kudzagula maluwa, iye ndiye amayamba kumutengera ku balani kukamuonetsa pamene ndowa zinaima.

Maukwati ena abwera kuchokera pa umenewo, wina mpaka ku Selous. Kudula tsopano ndimadula, koma mdzukulu amayenda kumbuyo kwanga. Dzanja ili likaona duwa lofumbata limanyamuka lokha, sizasi ili kale yotsegula.

"Gogo."

"Ndikungoliyang'ana, mkazi mnzanga."

"Muziliyang'ana manja ali kumbuyo."